Kansomba ka m'galasi

Ku Chicoa magetsi amabwera ngati mlendo wosalonjeza,
ndiye foni ya Gervazio timaichaja pa batire la galimoto yakufa
kuseri kwa golosale ya mayi Anastazia,
mametikali khumi kuti idzaze.

Ikadzaza timamira.
Chala china chopalasa, china chogwirira,
pansi pa nyanja ya dziko lopanda dzina,
madzi oyera moti umaona chithunzithunzi chako pamchenga,
osati athu ano a mtundu wa tiyi wadzulo.

Muli kansomba m'menemo,
kotalika ngati chala chamkombaphala,
diso lalikulu kuposa mutu wake,
kamakuyang'ana ngati kakudziwa ngongole zako.
Ukakathamangitsa kamakhota.
Ukakagwira n'kudya, mzere wa njala pakona paja
umakwera pang'ono, wobiriwira,
munthu wa m'gemuyo n'kupeza mphindi zina zisanu za moyo.
Mimba zathu zenizenizi zimangolira, sizili m'gemu.

Bambo amagwira kapenta.
Amanyamuka madzulo pa chombo chachitsulo cha bwana wa ku Songo,
kutsitsa nyali m'madzi, kudikira, kupukusa chokokera ukonde,
m'mawa n'kubwera ndi mamba m'nsidze,
manja akununkha mchere ndi dizilo.
Foni saikonda. Amati imadya maso.

Koma Lachinayi lija mphepo inavuta, zombo sizinatuluke.
Anatipeza tagundanitsa mitu pansi pa msawu.
"Tabweretsani kuno."

Zala zawo n'zokakala, galasi linachedwa kuzimva.
Kansomba kanawazemba kamodzi, kawiri, kasanu.
Tinaseka, ine ndinabisa pakamwa.
"Ana opusa inu, nsomba saithamangitsa.
Munthuyu alibe nyali?"
Tinawasonyeza podina.
Anayatsa. Anaima duu m'madzimo, osapalasa.
Kanabwera kokha. Kenako tiwiri. Kenako khamu,
timaso tonse tikuzungulira kuwala.
Gervazio kukamwa yasa:
miyezi itatu tikusewera, sitinadziwe.

"Nanga amagula ndani? Kilo ndi zingati?"
"Palibe wogula, bambo. Mumangodya."
"Wekha?"
"Wekha."
"Popanda sikelo ya bwana?"
Anaseka mpaka kutsokomola.

M'kusekamo anaiwala mpweya.
Mzere wabuluu unali utatha kale,
mdima unayamba kudya galasi kuchokera m'mbali.
"Kwerani! Kwerani pamwamba!"
Chala chawo chinapalasa, chinapalasa,
kuwala kwa pamwamba kunali pafupi ngati denga la nyumba
koma munthuyo manja lende,
anatsika pang'onopang'ono,
tinsomba tija tikumuperekeza.

Bii.

Kenako anadzuka m'kachombo kake,
wouma, wopuma, mizere yonse yodzaza.

Bambo anayang'ana nthawi yaitali.
"Wabwerera?"
"Amabwerera nthawi zonse."
"Nthawi zonse."

Sanatchule a Fulujensiyo,
amene analowa kukakola ukonde pa mtengo womira
chaka chimene ine ndinayamba sukulu,
nyanja n'kudzawabweza patatha masiku anayi
kutali, kufupi ndi khoma la damu,
atavala nsapato imodzi.
Inayo ili m'nyumba mwathu mpaka lero, pansi pa bedi,
sindinafunsepo chifukwa.
Sanawatchule.
Anapukuta galasi ndi m'mphepete mwa malaya,
mosamala, ngati mmene amapukutira nyali,
mamba awiri n'kutsalira pamenepo, akung'anima.

Batire linali litafiira.
Sawu louma linagwa pakati pathu, palibe analitola.
Anapisa m'thumba, anatulutsa ndalama yachitsulo yonunkha kapenta,
anaiika m'dzanja la Gervazio.

"Kachajeni.
Mphepoyi mawanso sileka.
Ndikufuna ndikaone pansi penipeni,
kumene kansombako kamagona."